Kutsika Phiri Kuchokera ku Furancungo: Giya, Mabuleki ndi Madzi Osefukira

 Nkhani ino ndi ya pamsewu, makamaka misewu ya kumapiri kuno ku Furancungo ndi madera ozungulira, imene alendo amaiyamikira kukongola pomwe madalaivala akale amaiopa.

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200 kuchokera pa msinkhu wa nyanja ya mchere. Furancungo, likulu la boma la Macanga, lili pamwamba mamita oposa 1,000, ndipo phiri la Domwe ku Angónia limapitirira mamita 2,000. Munthu wonyamuka ku Tete mu Okutobala thukuta lili kamukamu, akafika kuno madzulo amayamba kufunafuna juzi. Kusiyana kumene iye amakumva pakhunguko, galimoto imakumva mu injini pokwera, ndipo pobwerera imakumva m'mabuleki.

Amene akuphunzira kumene kuyendetsa amaopa kwambiri chikweza, koma chikweza chimakhululuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake ikakwera mamita 1,000, chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. N'chifukwa chake lole imene inkauluka ku Moatize imayamba kubuula ikalowa m'mapiri a Chiúta ndi Macanga. Imabuula, imatentha, mwina n'kuzima. Koma ikazima yaima, ndipo anthu onse ali moyo. Choopsa pamenepo ndi phuma lotsegula chivindikiro cha redieta injini ikadali moto, pakuti madzi a m'menemo amakhala atapanikizika ndipo amathuvuka n'kuwaula nkhope ndi manja.

Aliyense amene anakwerapo lole ya fodya akudziwa zimene zimachitika ikazima pachitunda. Dalaivala asanakuwe n'komwe, mnyamata wothandiza wadumpha kale, wathamangira m'mbali mwa msewu, wazula mwala waukulu ndi manja awiri, waupana kumbuyo kwa tayala. Lole ikabwerera pang'ono tayala limaluma mwalawo, anthu n'kupumira m'mwamba. Nzeru imeneyi yapulumutsa katundu wambiri. Kuipa kwake n'kwakuti injini ikangolira mnyamata amathamangira kukakwera, mwala uja n'kutsala pakati pa msewu kudikirira wa njinga yamoto amene adzadutsepo usiku. Chipika cha mtengo chosemedwa bwino, chomangidwa chingwe kuti mnyamata azichikoka pokwera, chimagwira ntchito yomweyo popanda kutchera wina msampha.

Mtsetse ndiye uli ndi nkhani. Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha: zitsulo zimakhulana, zimatentha, mphepo n'kuziziziritsa. Pachidikha dalaivala amaponda kamodzi, n'kuyenda makilomita angapo, mabuleki n'kupezako mpata wozizira. Pamtsetse wautali mpata umenewo kulibe. Masamu ake ndi awa: lole yolemera matani 10 ikatsika mamita 100 okha, kutentha kumene kuyenera kutayidwa kungawiritse malita pafupifupi 30 a madzi ozizira. Kutsika mamita 1,000 ndiye kuti malita oyandikira 300, kuposa dilamu yodzaza. Gawo lina la mphamvu imeneyi limathera mu mphepo ndi m'matayala, koma pamalo otsetsereka kwambiri gawo lalikulu limagwera injini kapena mabuleki, ndipo wosankha kuti ligwere kuti ndi dalaivala. Akalowetsa giya yotsika, injini imagwira galimoto n'kutaya kutenthako kudzera mu redieta ndi mu ekizosi, zomwe zinapangidwira ntchito imeneyo. Akadalira phazi lokha, zonse zimaunjikana pa tizitsulo tochepa tobisika kuseri kwa matayala.

Mabuleki akatentha mopitirira amayamba kuterera m'malo mogwira. Kenaka pamabwera vuto la mafuta ake. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3, amene ali m'galimoto zambiri zakale, akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 205. Koma mafutawa amayamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo akakhalitsa angawire pa madigiri 140 okha. Akawira mumabadwa thovu m'mapaipi, ndipo thovu limafinyika, choncho phazi limaponda chopondera mpaka pansi popanda chochitika chilichonse. Ichi n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri, langizo limene amakaniko a m'mbali mwa msewu salitchula kawirikawiri chifukwa eni galimoto salifunsa. Malole akuluakulu amene mabuleki ake amayendera mpweya ali ndi vuto lawo: kupondaponda kosalekeza kumamaliza mpweya m'thanki msanga kuposa mmene kompuresa ingabwezere.

Lamulo la madalaivala akale ndi lakuti giya imene galimoto yakwerera phiri ndi yomweyo itsikire, ndipo ilowetsedwe mtsetse usanayambe. Pakati pa mtsetse, lole itatenga kale liwiro, giya yotsika imakana kulowa, ndipo dalaivala angapezeke watulutsa yachinayi koma yachitatu osaipeza. Pamene injini ikugwira galimoto, phazi limangothandizira: kuponda mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro likatsika n'kulekeratu kuti zitsulo zipume.

Pali chizolowezi china chimene chakula ndi kukwera mtengo kwa mafuta. Galimoto ikafika pamwamba pa phiri, dalaivala amachotsa giya n'kuisiya pa nyutulo, ena mpaka kuzimitsa injini. Wokwera wina akadandaula, yankho limakhala lokonzeka: "Achimwene, mtsetse uwu ndi waulere, tiwotcherenji dizilo?" Koma m'galimoto za masiku ano zoyendera kompyuta, ikamatsika ili m'giya phazi litachoka pa mafuta, injini imadula mafuta pafupifupi onse, pomwe pa nyutulo imamwabe kuti isazime. Ndiye kuti wopulumutsa mafutayo akuononga mafuta, ndiponso wataya thandizo la injini. Wozimitsa injini ndiye wanyanya. Chiwongolero chimauma, mphamvu yothandizira mabuleki imatha akangoponda kawiri kapena katatu, ndipo kiyi ikatembenuzika mopitirira chiwongolero chingadzitseke galimoto ili pagulaye.

Mabuleki amachenjeza asanafe. Fungo lopserera limalowa m'galimoto, chopondera chimayamba kufewa, nthawi zina utsi umaoneka pa tayala. Apo n'pofunika kuima pamalo otakasuka, kulowetsa giya, kupana matayala, n'kudikira ngakhale theka la ola. Kuthira madzi ozizira pa zitsulo zotentha choncho, monga ena amachitira ndi chigubu, kumazipinda kapena kuzing'alula. Zikavuta mabuleki n'kutheratu galimoto ikuyenda, chotsala ndi kupopa chopondera mobwerezabwereza, kutsitsa magiya imodziimodzi, kukoka handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani, ndipo zikakanika zonsezi, kukhulitsa mbali ya galimoto ku chipupa cha phiri liwiro lisanakule. Galimoto iphwanyika ndithu, koma phompho lili mbali inayo.

Anthu olankhula Chichewa analira maliro a mtundu umenewu pa 12 Okutobala 2025. Basi yochokera ku Eastern Cape, itanyamula anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi obwerera kwawo, inaphonya msewu wa N1 pa mapiri a Soutpansberg pafupi ndi Louis Trichardt ku South Africa, n'kugwera kuphedi. Anthu oposa 40 anamwalira. Ofufuza a boma anapeza kuti basiyo inanyamula anthu oposa mlingo wake, inkakoka ngolo ya katundu, ndipo ena mwa mabuleki ake sankagwira ntchito. Umenewo ndi msewu waukulu wa tala, wokhala ndi zikwangwani ndi maambulansi pafupi, zinthu zimene misewu yambiri ya fumbi ya ku Macanga ilibe.

Katundu wa dera lino amawonjezera vutolo, chifukwa amayenda molowera kumunsi. Galimoto zimakwera zopepuka n'kutsika zolemera: mabelo a fodya opita ku fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco ku Tete, matumba a mbatata ya kachewere ndi tirigu a ku Tsangano, chimanga ndi nyemba za ku Angónia. Dalaivala amene anakwera m'mawa galimoto ikumvera, madzulo akutsitsa galimoto ina ndithu ngakhale nambala yake ndi yomweyo. Mabelo akasanjikizidwa mpaka kupitirira denga, kulemera kumakwera m'mwamba, ndipo pagulaye lole imapendama isanafune n'komwe kuterera. Katundu wolemera malo ake ndi pansi, chakutsogolo, atamangidwa kuti asasunthe. Anthu okhala pamwamba pa matumba, miyendo ili lende, alibe chogwirira china koma chingwe chimene chamanga matumbawo.

Za liwiro zimamveka bwino zikawerengedwa m'mamita. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola, amene ndi malire a lamulo m'matauni ndi m'malo okhala anthu ku Mozambique, imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Sekondi imodzi imene diso laona mbuzi phazi lisanafike pa buleki, mamita 17 apita kale. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo pa msewu wa timiyala umatalika koposa pamenepo. Bungwe la World Health Organization, m'lipoti lake la 2023, linati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, kuti ndizo zikutsogolera kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti Africa ndiye ali ndi chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake, ngakhale ali ndi galimoto zochepa.

Pagulaye wa m'phiri dalaivala saona kutali, choncho liwiro loyenera ndi limene lingamulole kuima mkati mwa mtunda umene akuuona. Mozambique amayendera kumanzere, chimodzimodzi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ngakhale Portugal yemwe anasamukira kumanja mu 1928. Anthu a kuno sazilingalira n'komwe zimenezi, koma mlendo wochokera ku Lisboa, kapena wa ku Brazil monga aja anabwera ndi mgodi wa malasha wa Moatize, akadzidzimuka pagulaye dzanja limathawira kumanja komwe anazolowera, komwenso kukuchokera lole. Pa msewu wa fumbi wopanda mzere pakati aliyense amakokeredwa pakatikati pomwe pali posalala, ndipo awiri okonda pakati amakumana mphuno ndi mphuno. Kuliza hutala asanalowe gulaye wobisika ndi mwambo wabwino. Pamalo opapatiza pachitunda wotsika ndiye amapatukira wokwera, chifukwa lole yodzaza ikaima pachikweza kudzukanso n'kovuta.

Msewu wa kumudzi si wa galimoto zokha. Pa msewu wochokera ku Ulongwe kudutsa ku Domwe kudzafika ku Furancungo pamayenda ngolo za ng'ombe, njinga zakapalasa zonyamula matumba a makala otambalala kuposa mwini wake, njinga zamoto zokweza anthu atatu, ndi ana ochokera kusukulu. Ngolo ilibe nyali kumbuyo. Tsiku la msika madzulo ena mwa oyenda pansi amakhala atalawako, ndipo dalaivala amene walawako nawo ndiye woopsa kuposa onse. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imaphimba zitunda za Tsangano ndi Angónia m'mamawa mpaka munthu osaona mtengo uli patsogolo pake. Mu nkhungu nyali zazitali zimangobwerera m'maso mwa woyendetsa. Zofunika ndi nyali zazifupi, zenera lotsegula pang'ono kuti khutu lithandize diso, ndi kuleza mtima. Fumbi la lole ya patsogolo m'chilimwe limachititsa khungu chimodzimodzi, ndipo kupitirira galimoto mkati mwa fumbi ndi kuyenda mongoganizira.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, katondo amasintha khalidwe. Mvula yoyamba yokha ndi yokwanira kusandutsa fumbi la pamwamba kukhala phala loterera, pansi pake pali pouma. Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imathandiza kukwera pamatope, koma pa kuima ilibe mwayi woposa inzake, ndipo apa n'pamene eni ma Land Cruiser amanamizika. Pamatope chilichonse chimachitika mofatsa: kuponda mafuta, kuponda buleki, kukhotetsa. Kumbuyo kukayamba kutsetsereka, phazi lichoke pa buleki ndipo chiwongolero chiloze komwe galimoto ikuyenera kupita. M'mphepete mwa msewu, makamaka mbali ya kuchigwa, nthaka imakhala itafewa ndipo imagumuka ikapondedwa ndi tayala la lole.

Madzi oyenda ndiwo atenga miyoyo ya anthu amene sankayembekezeka kufa choncho. Pa 24 Januwale 2022 namondwe Ana analowa ku Mozambique, n'kudutsa Nampula, Zambézia, Tete ndi kum'mwera kwa Malawi, komwe anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mtsinje wa Revubwe, umene umatunga madzi ake kumapiri a kuno n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, unasefukira n'kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Galimoto za pa mdipiti wa akuluakulu a boma amene anapita kukaona mmene madzi aonongera zinakokoloka, ndipo mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, anataya moyo wawo. 

Akatswiri a zanyengo a ku America amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 30 angayandamitse galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60, ongopitirira pang'ono m'mawondo mwa munthu wamkulu, angakokolole ngakhale galimoto zikuluzikulu. Madzi a matope amabisanso zimene zili pansi: kalavati ingakhale itachoka, m'mphepete mwa mlatho mutakumbika. Timitsinje ta m'mapiri tili ndi khalidwe lodziwika bwino kwa anthu a m'midzi: timadzaza mwadzidzidzi ndi mvula imene yagwa kumtunda, ngakhale pamalo owolokerapo pali dzuwa, ndipo timaphwanso msanga. Kawirikawiri kudikira maola ochepa n'kokwanira. Mlendo wanzeru amatsika n'kufunsa: "Agogo, madziwa akukwera kapena akutsika?" Nkhalamba ya pamudzipo imayang'ana mwala kapena tsinde limene imayezerapo chaka ndi chaka, n'kuyankha kuti, "Mwana wanga, khala pansi kaye, ayamba kumene kubwera." Pomwe palibe wofunsa, kamtengo kozikidwa m'mphepete mwa madzi kamaonetsa pakapita mphindi zochepa ngati akukwera. Galimoto ikaoloka ngakhale madzi osaya, mabuleki amakhala atanyowa, ndipo amafunika kuwapondaponda pang'ono poyenda mpaka agwirenso, mtsetse wotsatira usanafike.

Chimene chimasiyanitsa kwenikweni misewu ino ndi ya m'tauni ndi kutalika kwa thandizo. Ovulala kwambiri amafunika kufika ku chipatala cha Ulongwe kapena ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Tete, ndipo umenewo ndi ulendo wa maola. M'zigwa zambiri netiweki ya foni imasowa. Choncho galimoto imanyamuka ndi sipeya yopopa bwino, jeke ndi sipanala zimene zayesedwa pakhomo, pampu, chingwe chokokera, khasu, tochi, madzi akumwa ndi a redieta, ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, popeza petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu sadziwika chimene wasakanizidwa nacho. Wina kunyumba adziwe njira imene yatengedwa ndi nthawi yoyembekezeka kufika. Ulendo wautali uyambe m'mawa kuti zovuta zikagwa zigwe dzuwa lilipo.

Lamulo la pamsewu la Mozambique limafuna kuti galimoto ikhale ndi zikwangwani ziwiri zonyezimira za makona atatu ndi chovala chonyezimira, ndipo apolisi a pamsewu amazifunsa pamodzi ndi laisensi, inshuwalansi ndi mapepala a galimoto. Wolowera pa Zobwe, pa Calómuè kapena pa Cassacatiza ndi galimoto yakunja amafunikanso chikalata choilowetsera kwa kanthawi. Kumudzi kuno chizindikiro chodziwika cha galimoto yofa ndi nthambi zamasamba zoyalidwa pamsewu. Masana zimathandiza, usiku sizioneka, ndipo nazonso zimaiwalika pamsewu galimoto ikachoka. Pagulaye, chikwangwani chiyenera kuikidwa gulaye asanayambe, pomwe wobwera angachione nthawi ikadalipo.

Ngozi ikachitika, oyamba kufika amakhala anthu a m'mudzi wapafupi, ndipo zimene iwo achita m'mphindi zoyambazo n'zofunika kwambiri. Wotuluka magazi amapanikizidwa pabala ndi nsalu yoyera osalekeza. Wodandaula khosi kapena msana sanyamulidwa mwachisawawa. Ngati n'kofunika kumuchotsa, agonekedwe pa thabwa kapena chitseko, mutu utagwiridwa kuti usagwedezeke. Wokomoka samwetsedwa madzi. Ndipo pomwe pakununkha mafuta anthu atalikire. Chigawo cha Tete sichinaiwale za pa 17 Novembala 2016 ku Caphiridzange m'boma la Moatize, pomwe thankala ya petulo yopita ku Malawi inaphulika anthu atazungulira ndi zigubu, n'kupha anthu oposa 80.

Lamba wa pampando amachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi theka kwa okhala m'galimoto, malinga ndi World Health Organization yomweyo, ndipo pamsewu wa m'phiri pomwe galimoto imagubuduzika ndiye amene amaletsa munthu kuponyedwa kunja. Chipewa choteteza mutu cha wa njinga yamoto chimagwira ntchito pokhapokha chamangidwa pachibwano. Chopachikidwa pa chiwongolero kuti chivalidwe poona apolisi chimafika pansi mochedwa kuposa mutu wa mwini wake.